Maso, Manja ndi Khalidwe la Wachinyamata

Pali mkangano wakalekale umene sutha m'mabanja ambiri, ndipo umabuka kawirikawiri pa nthawi ya tchuthi. Mbali imodzi kuli makolo amene amafuna kuona mwana wawo atagwira buku kapena khasu. Mbali inayo kuli mwanayo, amene mtima wake uli pa zina: kuonera mafilimu, kuluka ndi kusema tinthu, kujambula zithunzi ndi foni, kapena kuyesa kaphikidwe katsopano m'khitchini. Makolo amati zimenezi n'zachibwana zongotha nthawi. Mwana amati ndizo zimakometsa moyo wake. Funso limene lagona pansi pa mkanganowu ndi lalikulu kuposa mmene limaonekera. Kodi zimene munthu amachita pa nthawi yake yopuma, popanda womutuma, zili ndi gawo pa khalidwe lake? Ngati zili nalo, nanga chokonda chomanga munthu chingasiyanitsidwe bwanji ndi chokonda chomuwononga?

Si nzeru kuthamangira kunena kuti makolo ndi otsalira, pakuti nkhawa yawo ili ndi maziko. Kuti mwana afike Fomu 4, banja limakhala litagulitsa mbuzi, fodya kapena mtedza, ndipo abale ake ena amakhala atadzimana zambiri. Malo m'makoleji ndi ochepa poyerekeza ndi unyinji wa amene amalemba mayeso a MSCE chaka ndi chaka. Ola limene lathera pa kanema silibwereranso, ndipo ndalama imene yagula mayunitsi a intaneti ikadatha kugula kope. Makolo amadziwanso kuti zokoma zilibe malire. Filimu imodzi imaitana inzake, ndipo amene adati angoonerako pang'ono amadzidzimuka tambala akulira. Akale adaneneratu kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Wachinyamata amene sadaphunzire kuuza mtima wake kuti zakwana ali pa ngozi, ngakhale chimene akukondacho chikhale chabwino chotani.

Kukayikira zithunzi sikudayambe lero. Plato, munthu wanzeru wa mu mzinda wa Athens ku Greece, amene adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, adapereka fanizo la anthu omangidwa m'phanga chibadwire. Kumbuyo kwawo kunkayaka moto, ndipo chimene iwo ankaona ndi zithunzithunzi zokha zoyenda pa khoma la phangalo. Poti sadaonepo china, ankakhulupirira kuti zithunzithunzizo ndiwo moyo weniweni. Plato sadaone kanema, pakuti zithunzi zoyenda zidabwera patapita zaka zambirimbiri, ndipo pa 28 Disembala 1895 Auguste ndi Louis Lumière adazionetsa kwa anthu olipira ndalama mu mzinda wa Paris. Komabe aliyense amene adalowapo m'kanyumba koonetseramo vidiyo ku Ndirande kapena ku Kawale, momwe ana amakhala duu mu mdima maso ali pa galasi lowala, angavomereze kuti fanizolo silidakalambe.

Dandaulo lina limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti mafilimu, makamera ndi tchipisi ndi zinthu zobwera, zimene zikuchotsa ana pa mwambo wa makolo. Dandaulo limeneli silipita patali likaunikidwa bwino. Chimanga, chimene lero ndicho mwini nkhokwe, kwawo ndi ku Mexico, ndipo chidafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi kuyambira m'zaka za m'ma 1500. Chisanafale, makolo ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chinangwa cha kondowole, mbatata, mtedza wa nsinjiro ndi matimati nazonso ndi mbewu zochokera ku America. Ngakhale zili choncho, mu 2017 bungwe la UNESCO lidalemba nsima m'kaundula wa miyambo yofunika ya pa dziko lonse, monga mwambo wa kaphikidwe ka Amalawi. Chinthu chobwera chimasanduka cha pamudzi anthu akachigwira ndi manja awo n'kuchipezera njira yawoyawo. Paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Motero kumene chinthu chidachokera sikungakhale muyeso wa ubwino kapena kuipa kwake.

Ndiponso padalibe mbadwo umene unkangolima ndi kugona. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pa miyala, amene UNESCO idawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira adajambula ndi Akafula, alenje amene adakhalako kale, ndipo zoyera adajambula ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina gule wamkulu. Anthu amenewa ankapeza chakudya movutikira kuposa lero, koma adapeza nthawi yosakaniza utoto ndi kujambula. M'midzi, anthu akatha kukolola, ana ankakunkha zotsalira m'minda, n'kumanga timisasa ta mapesi, n'kuyamba masanje. Anyamata ankaumba ng'ombe zadongo kudambo, ndipo pambuyo pake adayamba kupinda magalimoto a mawaya. Madzulo kunali nthano. Akulu sankathamangitsa ana pa masanje, chifukwa ankadziwa kuti mtsikana amene wapsereza kansima ka masanje akuphunzira kuphika nsima yeniyeni, ndipo mnyamata amene kamsasa kake kagwa akuphunzira kuzika nsichi.

Chimene akuluwo ankachidziwa adachiphunzitsanso Aristotle, wophunzira wa Plato. Iye adati munthu sabadwa ndi khalidwe monga amabadwira ndi khungu lake. Khalidwe limakula ndi chizolowezi, monga momwe luso lililonse limakulira ndi kubwerezabwereza. Ngati mfundo imeneyi ndi yoona, ndiye kuti zokonda za wachinyamata si nkhani yaing'ono ayi. M'kalasi wophunzira amachita zimene wauzidwa, ndipo belu likalira amazisiya. Pa nthawi yopuma amachita zimene wasankha yekha, amazibwereza popanda womukakamiza, ndipo amaziganizira ngakhale ali pa mphasa usiku. Nthawi imene makolo amaiyesa yotayika ndi imene munthu akuumbidwa kwambiri. Choncho funso loyenera kulifufuza ndi lakuti chokondacho chikuumba munthu wotani.

Pali miyeso iwiri imene ingathandize kuyankha funsoli. Woyamba ndi wakuti, kodi chokondacho chimathera m'maso ndi m'kamwa, kapena chimafika m'mutu ndi m'manja? Pali woonera ndipo pali wochita, ndipo anthu awiriwa akhoza kukhala pa benchi imodzi akuyang'ana chinthu chimodzi. Muyeso wachiwiri ndi wakuti, kodi chokondacho chimamuchititsa munthu kuona anzake ngati anthu, kapena ngati zinthu zoti azisangalala nazo?

Kanema ndiye chokonda chimene chimakopa munthu kwambiri kuti akhale woonera chabe. Dziko la Malawi lidalibe nyumba yakeyake youlutsira kanema mpaka chaka cha 1999, koma ana a m'matauni ankawadziwa kale Bruce Lee, Chuck Norris ndi Rambo kudzera m'tinyumba ta vidiyo, ndipo potuluka ankaponyerana mateche m'misewu. Pambuyo pake kudabwera mafilimu a ku Nigeria, ndipo lero filimu yathunthu imakwana m'foni ya m'thumba. Kuopsa kwa filimu kwagona pa zimene imabisa. Ngwazi ikawombera anthu khumi, kamera imatsata ngwaziyo. Sionetsa maliro khumi, kapena ana amasiye amene atsala. Mnyamata wa mu filimu akalemera m'mphindi zisanu, zaka za thukuta zimakhala zitadumphidwa. Amene amameza zimenezi osatafuna amayamba kuona moyo wa kwawo ngati wozizira, ndipo amayesa kuti chuma ndi ulemu zimagwa ngati mvula. Munthu wotere ndiye wa m'phanga uja.

Komatu pali kaonedwe kena. Woonera wochenjera amadziwa kuti zimene zikuoneka ngati zikuyenda ndi zithunzi zosayenda, 24 pa sekondi iliyonse, kuti magaziwo ndi utoto, ndi kuti pali munthu amene adasankha pamene kamera iime, chimene chidulidwe, ndi nyimbo imene ilire kuti anthu agwetse misozi. Filimu ikatha amadzifunsa kuti mlembi wake akufuna anthu akhulupirire chiyani, wakomera yani ndipo wanamizira yani. Mafunso amenewa ndi omwewo amene wophunzira amafunsa powerenga nthano kapena sewero m'kalasi. Ena mafunsowa amawafikitsa pa funso lalikulu: nanga nkhani za kuno adzajambula ndani? Shemu Joyah adaliyankha ndi ntchito. Mu 2008 adatulutsa Seasons of a Life, mu 2012 The Last Fishing Boat, yokamba za msodzi wa pa nyanja ya Malawi pa nthawi imene nsomba zikuchepa ndipo alendo odzaona malo akuchuluka, ndipo mu 2017 The Road to Sunrise. Aliyense wopanga mafilimu adayamba ndi kuonera, koma sadalekere pomwepo.

Ntchito zamanja zili ndi phunziro limene kanema sangapereke, ndilo lakuti chinthu chopangidwa sichinamizidwa. Mayi woumba mbiya amakumba dothi la mtapo, amachotsamo timiyala, amalisinja ndi kulikanya mpaka lifewe. Akaumba amasalaza ndi chisononkho, amakulungiza ndi mwala, ndipo amaiyanika pa mthunzi kwa masiku angapo asanaiotche. Akasiyamo kamwala, kapena akaiotcha isanaume, mbiyayo imaphulika pa moto, ndipo palibe mawu okoma amene angaibwezere. Chimodzimodzi woluka lichero ndi nsungwi, mkeka ndi mlaza, kapena mphasa ndi bango: pamene wachita ulesi pamaonekera. Pa mayeso wophunzira akhoza kubisa umbuli wake ndi mawu ambirimbiri, koma mpando wa miyendo yosalingana umagwedera pamaso pa aliyense. Ntchito yamanja imaphunzitsa kudekha ndi kuvomera kulakwa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni, amene adakhazikitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher a ku Canada, adasula amisiri ambiri osema mitengo, amene zosema zawo zili m'matchalitchi ndi m'nyumba za m'maiko akutali.

Chitsanzo chodziwika cha chokonda chimene chidafika m'manja ndi cha William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 adasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake adalibe ndalama ya fizi. Kuyambira ali mwana ankakonda kumasula mawailesi kuti aone mmene amagwirira ntchito. Atapeza m'laibulale yaing'ono buku lokhala ndi chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo, adayamba kutolera zitsulo zotayidwa, mapaipi apulasitiki, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ankamuona akufukula pa zinyalala n'kumati wapenga. Ali ndi zaka pafupifupi 14 makina ake adayatsa babu m'nyumba ya makolo ake. Mu 2014 adatsiriza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adatulutsa filimu ya moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa m'dziko muno ndipo mbali yaikulu ili m'Chichewa. Chofunika kuona n'chakuti anthu ambiri adachiona chithunzi cha m'bukulo, koma iye adachichotsa m'maso n'kuchiika m'manja.

Komabe kukhala wochita pakokha sikukwanira, pakuti manja aluso akhozanso kupweteka. Apa ndipo pafunika muyeso wachiwiri uja, ndipo palibe chokonda chimene chimauonetsa bwino kuposa kujambula zithunzi. Luso limeneli lidalengezedwa ku France mu 1839 ndi Louis Daguerre, ndipo lidafika m'manja mwa anthu wamba pamene George Eastman adayamba kugulitsa kamera ya Kodak mu 1888. M'midzi ya m'dziko muno, kufikira posachedwapa, wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili pakhosi. Filimu yake inkatenga zithunzi 24 kapena 36 zokha, ndipo chithunzi chilichonse chinali ndi mtengo. Wofuna kujambulidwa ankasamba, kudzola, kuvala zovala za pa Sabata, n'kuima mmene akufunira kuti adzakumbukiridwe. Mwa njira imeneyi chilolezo chinalipo chisanajambulidwe chithunzi. Lero foni imajambula zithunzi mazana popanda mtengo, wojambulidwayo osadziwa, ndipo m'kamphindi chithunzicho chimakhala chitafika kwa anthu amene iye sadzawaona. Mphamvu yakula, koma mwambo wopempha chilolezo watsalira m'mbuyo.

Mu Malichi 1993, pa nthawi ya nkhondo ndi njala kummwera kwa Sudan, wojambula wa ku South Africa, Kevin Carter, adafika pa mudzi wa Ayod. Kumeneko adaona mwana wowonda ndi njala atagwa chafufumimba pa ulendo wopita kumalo ogawira chakudya, ndipo kumbuyo kwake kudatera muimba. Malinga ndi kufotokoza kwa iye mwini, adadikira kanthawi kuti mwina mbalameyo itambasula mapiko, adajambula, kenaka adaithamangitsa. Chithunzicho chidatuluka mu nyuzipepala ya The New York Times pa 26 Malichi 1993 ndipo chidagwedeza dziko lonse. Anthu ambiri adalembera nyuzipepalayo kufunsa chimene chidamuchitikira mwanayo, ndipo ena adafunsa chifukwa chimene wojambulayo sadamunyamule. Mu 1994 Carter adalandira mphotho ya Pulitzer, koma mu Julayi chaka chomwecho adadzipha ali ndi zaka 33, atazunzika mu mtima ndi zambiri, kuphatikizapo zoopsa zimene adaona pa ntchito yake. Patapita zaka zidadziwika kuti mwanayo adapulumuka njala imeneyo.

N'kosavuta kumuweruza Carter, koma ambiri mwa amene adamudzudzula ankatero atakhuta, ali kutali, ndipo sakadadziwa za Ayod pakadapanda chithunzi chake. Pali nthawi zina pamene kujambula ndiko thandizo lenileni. Pa 16 Juni 1976, apolisi atawombera ana a sukulu ku Soweto, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World adajambula mnyamata akuthamanga atanyamula Hector Pieterson, mwana wa zaka 12 amene adawomberedwa, mlongo wake akulira pambali. Nzima adabisa filimuyo mu sokosi kuti apolisi asailande. Chithunzicho chidaonetsa dziko lonse nkhanza za ulamuliro wa tsankho, ndipo iye adachilipirira: apolisi adamusautsa mpaka adasiya ntchito ya utolankhani n'kubwerera kumudzi kwawo. Kuyambira 1991, tsiku la 16 Juni limakumbukiridwa ngati Tsiku la Mwana wa mu Africa. Apa kamera idakhala mboni ya anthu amene adalibe powanenera.

Nkhani ziwirizi zikuonetsa kuti kujambula munthu wovutika si cholakwa nthawi zonse, komanso si chinthu chopepuka. Funso limene wojambula ayenera kudzifunsa asanadine ndi lakuti, kodi pamaso pake pali munthu kapena pali chithunzi chabwino? Ngati angathe kuthandiza ndi manja, ndipo palibe wina wothandiza, manja ayambe ndiwo. Ngati chithunzicho chingaitane thandizo kapena kuulula choipa chimene ena akufuna kubisa, chili ndi chifukwa chokhalira. Ngati phindu lake ndi lakuti wojambulayo atchuke, kapena kuti anzake adabwe, ndiye kuti iye wadyera pa tsoka la mnzake.

Funso limeneli si la atolankhani okha, pakuti lero wophunzira aliyense wokhala ndi foni ndi wojambula. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 adataya miyoyo. Zithunzi zojambulidwa ndi mafoni zidathandiza kuti anthu a m'dziko muno ndi akunja adziwe msanga kukula kwa tsokalo ndi kutumiza thandizo. Koma pakati pa zithunzizo padalinso za mitembo yosafunditsidwa, zimene zidayenda pa WhatsApp ndi Facebook ngati nkhani wamba. Zoterezi zimachitikanso pa ngozi za pamsewu, pamene ena amatulutsa mafoni m'malo motulutsa ovulala, ndipo mayi amamva za imfa ya mwana wake poona chithunzi, asanafike womuuza mwaulemu. Mwambo wa maliro umafuna kuti uthenga wa zovuta uperekedwe ndi munthu woyenera, m'mawu osankhidwa bwino, ndipo mtembo umafunditsidwa. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limatetezanso ulemu wa munthu aliyense. Wachinyamata amene akufuna kutumiza chithunzi chotere akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Muyeso ndi wapafupi: akadakhala kuti wagona pamsewupo ndi mlongo wake, kodi akadafuna kuti ena atumize?

Ngakhale pa zinthu zoseketsa muyeso ndi womwewo. Kujambula mnzake wa m'kalasi atagona kukamwa kuli yasa, kapena nkhalamba yovala nsanza pa msika, n'kutumizira anthu kuti aseke, kumaoneka ngati masewera. Koma wojambulayo akudzizoloweza kuona anthu ngati zoseweretsa, ndipo chizolowezi ndicho chimabala khalidwe. Mosiyana ndi ameneyu, wina amapempha agogo ake kuti awajambule akupeta kapena akuluka nkhokwe, amadikira kuti dzuwa lipendeke kuti nkhope iwale bwino, ndipo amawaonetsa chithunzicho. Ameneyu akuphunzira kuyang'anitsitsa, ndipo akusungira banja lake chuma chimene adzachifune agogowo atapita. Foni ndi imodzimodzi, koma ikuumba anthu awiri osiyana.

Chakudya ndicho chokonda chimene aliyense ali nacho, ndipo n'chifukwa chake anthu sachiganizira kwambiri. Palibe cholakwika kukonda tchipisi cha pachiwaya, kanyenya, zitumbuwa kapena chambo chootcha. Koma nayenso wokonda chakudya akhoza kukhala woonera, wongodikira kuti mbale ifike, osadziwa njira imene yayenda. Ufa woyera usanafike mu mphika, chimanga chimakonoledwa, kupetedwa, kuviikidwa masiku angapo, kutsukidwa, kugayidwa ndi kuyanikidwa. Nkhuni zimachokera kutali, madzinso chimodzimodzi. Wophika amaima pa utsi akuvundula ndi mthiko mpaka thukuta kuti kamukamu. M'mabanja ambiri ntchito yonseyi imagwera amayi ndi ana aakazi, pamene anyamata amangosamba m'manja n'kudandaula kuti mchere wachepa. Mnyamata amene amati amakonda chakudya koma sadziwa kutendera mkhwani ndi nsinjiro kapena kuphika therere amakonda kutumikiridwa basi. Tsiku limene adzagwira mthiko n'kuona nsima yake yosapsa ikubwezedwa, adzayamba kuthokoza amene akhala akumuphikira zaka zonsezi.

Chakudya chimayesanso mmene munthu amaonera anzake. Mwambo wodyera pamodzi mbale imodzi umaphunzitsa mwana kuyeza mbamu yake poona kuchuluka kwa manja amene ali m'mbalemo, ndi kusiyako nyama kuti wamng'ono apeze. Mlendo wodutsa ankaitanidwa kuti adzasambe m'manja ngakhale ndiwo zikhale zochepa, pakuti kupatsa n'kuika. Dziko lino lidaona njala mu 1949 ndi mu 2002, ndipo chaka chilichonse, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pali mabanja amene amadya kamodzi pa tsiku. Tsono wachinyamata amene amagula chakudya chodula kuti achijambule ndi kuonetsa anzake, kenaka n'kuchisiya theka, asinthe funso lake. M'malo mofunsa kuti ndi angati aona mbale yake, afunse kuti ndi angati adya nawo.

Wina akhoza kutsutsa kuti maganizo amenewa akusandutsa mpumulo kukhala sukulu ina. Kodi munthu sangaonere filimu kuti angoseka, kapena kudya mandasi chifukwa choti akukoma? Kutsutsa kumeneku kuli ndi choona chake. Thupi ndi mutu zimafuna kupuma, ndipo chisangalalo chosapweteka wina sichifunika kupepesa. Komanso si wachinyamata aliyense womasula mawailesi amene adzakhala Kamkwamba, ndipo si woluka aliyense amene adzagulitsa zoluka zake. Kuyeza chokonda ndi ndalama imene chingabweretse ndi kulakwa kwina, pakuti wosema amene amangosema zimene alendo amagula amaiwala kusema zimene mtima wake ukuona. Phindu la chokonda chabwino limaoneka mwa munthuyo. Patapita chaka, kodi akudziwa chinthu chimene sankachidziwa? Kodi angathe kuchisiya pamene ntchito, maphunziro kapena wodwala akumufuna? Kodi anthu amene amakhala naye akupepukidwa kapena akulemedwa nacho? Chokonda chimene chalanda munthu tulo, chamuphunzitsa kuba ndalama ya mayunitsi ndi kunama kwa makolo chasanduka mbuye wake, ndipo iye ndi kapolo.

Pa chifukwa chimenechi, makolo ndi aphunzitsi amene amangoletsa amataya mwayi waukulu. Kuletsa kumathamangitsira chokondacho kumalo obisika, kumene kulibe wochiwongola. Kholo lanzeru limafunsa mwana kuti afotokoze filimu imene waonera ndi kunena amene adalakwa m'nkhaniyo. Limamuuza kuti aonetse chimene wapanga, limamupatsa mphika tsiku lina kuti aphikire banja, ndipo limamufunsa ngati munthu wa pa chithunzi adavomera kujambulidwa. Naye wachinyamata ali ndi udindo woonetsa kuti chokonda chake si pobisalira ntchito. Amene watsiriza za kusukulu, watunga madzi, kenaka n'kutenga kamera yake, sakangana ndi munthu.

Zaka za ku sekondale ndi zochepa, koma zizolowezi zimene zimamera m'zaka zimenezi zimakhala mpaka imvi. Masamu ena adzaiwalika, mayina a mitsinje ya m'maiko akutali adzaiwalikanso, koma kayang'anidwe kamene munthu adaphunzira pa anzake, ndi zimene manja ake adazolowera kuchita popanda womutuma, adzapita nazo ku banja lake, ku ntchito ndi pa udindo uliwonse umene adzapatsidwe. Mafilimu, zoluka, zithunzi ndi chakudya ndiwo masanje a mbadwo uno, ndipo pa masanje mpamene pamaonekera mayi ndi bambo wa mawa. Wachinyamata asaleke kukonda zimene amakonda, koma azifikitse m'manja, ndipo azikumbukira munthu amene ali kutsogolo kwa kamera ndi amene ali kuseri kwa mbale. Kuwongola mtengo n'poyamba.